Ulendo wa ana a sukulu ku Nkhotakota: tikaone chiyani, tikawauze chiyani?

Nambewe wa ku Kasungu:
Akuluakulu, ndakupezani ndi pempho. Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kasungu, ndipo teremu ikubwerayi tikufuna kupita ndi ana a Fomu 3 ku Nkhotakota. Mutu wa malonda a akapolo ndi minyanga timangoulemba pa bolodi: Jumbe, Mlozi, Mponda, Makanjira. Ana amaloweza, mayeso nkudutsa, basi. Ndikufuna akaponde pamene zinthuzo zinachitikira. Inu amene mumakudziwa bwino, tikaone malo ati, ndipo tsiku limodzi lingakwane? Makolo asonkha ndalama zochepa, ndiye musatitchulire malo ogona alendo olemera okhaokha.

Dalaivala wa M5:
Madamu, kuchokera ku Kasungu musazungulire ku Lilongwe ndi ku Salima ayi. Tengani M18, imene imadutsa m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota nkukatsikira pa boma. Nyamukani kukangocha, pofika 9 koloko mudzakhala mukuiona nyanja. M'nkhalangomo woyendetsa asathamange ndipo ana asatsike, njovu zimadumpha msewu umenewo. Tsiku limodzi likwana ngati mukufuna za pa boma zokha. Mukawonjezerapo Chia ndi nyama, pezani pogona.

Gogo Chisale:
Aphunzitsi, mwaganiza bwino. Inenso ndinagwira choko mpaka kupuma, ndipo ndimakhala konkuno. Yambirani ku mishoni ya Anglican, chifukwa pamenepo mupeza zinthu zitatu pamalo amodzi.

Choyamba ndi mkuyu waukulu umene uli m'bwalo la chipatala cha St Anne's, umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone. David Livingstone anadutsa gombe lino mu 1861 ali pa bwato, pamodzi ndi mng'ono wake Charles komanso John Kirk. Anabweranso wapansi mu 1863, ndipo ulendo umenewo anakumana maso ndi maso ndi Jumbe, mtsogoleri wa Aswahili amalonda amene ankalamulira kuno. Anapeza anthu akukhoma chombo chatsopano choolotsera akapolo. Anapempha kuti malondawo athe, koma sanamumvere. Ana awuzidwe zimenezi mosabisa: pansi pa mkuyu panalankhulidwa mawu, koma zombo zinapitiriza kuoloka kwa zaka pafupifupi makumi atatu.

Chachiwiri ndi tchalitchi cha All Saints. Amishoni a UMCA, gulu la mishoni la Anglican lochokera ku mayunivesite a ku Britain, anakhazikika kuno mu 1894. Chaka chotsatira, mu 1895, Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja bwato lake litagubuduzika ndi namondwe. Anali atangodzozedwa kumene ubishopu ndipo amabwerera ku Likoma. Thupi lake linaikidwa kuno ku Kota Kota, monga momwe azungu ankalembera dzina la malo ano, ndipo manda ake ali pa tchalitchi chimenechi. Sitima ija yotchedwa Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1901, inatenga dzina la munthu ameneyu.

Chachitatu ndi chipatala chenichenicho, chimene chathandiza anthu kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka lero. Muwauze ana asachite phokoso, mumakhala odwala.

Mwana wa ku Linga:
Agogo, mwafotokoza bwino, koma mundilole ndidandaule pang'ono. Alendo onse amene amabwera kwathu amayambira ku mishoni nkuthera ku mishoni komweko. Akajambulitsa pa mkuyu amakwera basi. Nkhotakota sinayambe ndi Livingstone, ndipo sinayambe ndi amishoni. Ine ndikulemba ndili ku Johannesburg, koma mchombo wanga unakwiriridwa ku Linga, ndipo ndikupempha aphunzitsi atsike ndi anawo kumunsi, cha kunyanja, kumene kuli mudzi wakale.

Kumeneko ndi kumene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anamanga likulu lake m'zaka za m'ma 1840, atapempha malo kwa mafumu a Chichewa, makamaka a Malengachanzi. Anasankha pamenepa chifukwa mchenga wa Sungu umatchinga mafunde, ndiye zombo zimakocheza bwinobwino. Kuli manda a ma Jumbe, kuli malo a mzikiti wakale, kulinso mkuyu wina umene akuluakulu a kwathu amati msonkhano wa Jumbe ndi mzungu uja unachitikira pamenepo. Chisilamu chinalowa m'dera lino kudzera mwa anthu amenewa. Mpunga wa faya umene mumaufunafuna m'misika, mitengo ya kokonati, luso lokhoma zombo zamatanga, kulemba ndi zilembo za Chiarabu, zonsezi zinafika nawo. Ana asabwerere ku Kasungu akuganiza kuti ku Linga kunali ziwanda zokhazokha.

Wa kwa Mwansambo:
Achimwene a ku Linga, ndawerenga kawiri zimene mwalembazi ndipo mtima wandiwawa. Mpunga tikudya, inde. Koma mpungawo ankalima ndani? Akapolo. Zombo zimene mukuziyamikirazo zinkanyamula chiyani? Anthu ndi minyanga. Ife a kumtunda kuno makolo athu ndi amene ankagwidwa, kumangidwa magoli m'khosi, kutsekeredwa m'mipanda pa gombe mpaka chiwerengero chikwane. Akawaolotsa tsidya lija, kumene lero ndi Mozambique, ankayenda wapansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, ku gombe la Tanzania. Wofooka ankasiyidwa panjira kapena kuphedwa. Agogo anga aakazi ankatiuza kuti kale mayi akapita kumunda ankabisa ana m'nkhokwe. Nkhani imeneyi anaimva kwa amayi awo, ndipo poifotokoza sankaseka. Mukamati Jumbe anabweretsa chitukuko, mukumbukire kuti pali mabanja amene mpaka lero sadziwa kumene abale awo anathera.

Mwana wa ku Linga:
Bambo a kwa Mwansambo, sindikukana ngakhale chimodzi. Ndipo musaganize kuti ife tonse a ku Linga ndife zidzukulu za Jumbe. Ambiri a ife makolo athu ndi akapolo omwewo amene sanaoloke, anatsala kuno nkumalima, kupalasa zombo, kukwatiwa ndi Aswahili. Ndiye ululu umene mukunenawo ndi wathunso. Chimene ndikukana ndi chakuti mwana wa Chisilamu m'kalasi la aphunzitsiwa achoke pa ulendowu ali wera, anzake akumuloza chala ngati kuti chipembedzo chake ndi chimene chinkagulitsa anthu.

Gogo Chisale:
Ana anga, nonse mukunena zoona, ndipo ndikufuna aphunzitsi atenge mawu anu onse awiri. Koma ndiwonjezere chinthu chimene sichikoma kwa ife Achewa. Jumbe analibe asilikali okwanira kugwira anthu kuyambira kuno mpaka ku Luangwa. Ankagula. Ankagula kwa mafumu amene ankafuna mfuti, wonga, nsalu ndi mikanda. Ena ankafuna mfutizo kuti adziteteze kwa Angoni, ndipo mantha awo anali enieni, koma malipiro ake anali anthu: ogwidwa pa nkhondo, olephera kulipira milandu, ana amasiye opanda owayankhulira. Aphunzitsi, kwanu komweko Mwase Kasungu anali pa ubwenzi wa malonda ndi Jumbe, ndipo njira yaikulu ya amalonda inkadutsa ku Kasungu kutsikira kuno. Asilikali a Britain anamuthira nkhondo Mwase kumapeto kwa 1895. Ndiye ana anu akamatsika pa M18, adziwe kuti akulowera kumene anthu ogwidwawo ankalowera.

Azungu nawonso musawaveke zoyera zokhazokha. Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wachitatu mu 1889 kuti aleke malonda a akapolo, boma lizimulipira ndalama chaka ndi chaka. Pangano limenelo linathandiza kuthetsa ukapolo, komanso linali njira yolowera kuti dziko likhale m'manja mwa Britain, zimene zinachitika mu 1891. Jumbe wotsiriza anachotsedwa pa mpando nkutumizidwa ku Zanzibar, ndipo pofika 1895 ufumu wa a Jumbe unali utatha. Ukapolo unachoka, msonkho wa nyumba ndi thangata zinalowa.

Nambewe wa ku Kasungu:
Agogo, zikomo kwambiri. Za Mwase timaphunzitsa ndithu, koma pa mutu wina, ndipo ana sazilumikiza ndi Jumbe. Ndidzayamba kuwafotokozera tisananyamuke, tili pansi pa phiri la Kasungu pomwe. Achimwene a ku Linga, m'kalasi langa muli ana a Chisilamu angapo, ndipo nkhawa yanu ndaimva. Kodi ku manda ndi ku mzikiti munthu amangofika?

Mwana wa ku Linga:
Ayi mayi, musangotulukira. Tumizani uthenga kwa a mfumu a m'mudzimo ndi kwa a shehe masiku akadalipo. Atsikana avale zitenje ndi mipango, ndipo aliyense avule nsapato akauzidwa kutero. Lachisanu masana musapite, anthu amakhala ali pa swala. Mukapita mwaulemu adzakupatsani mkulu woti akuyendetseni, ndipo zimene adzakuuzeni simungazipeze m'buku la silabasi. Kangachepe kothokoza musaiwale.

Mnyanja wa ku Chipata:
Moni nonse kuchokera kuno ku Zambia. Ndinaona dzina la Nkhotakota ndiye ndati ndisadutse. Ife a Anglican a kuno timalidziwa dera lanulo chifukwa cha Leonard Kamungu. Anatumikira kwanuko zaka zingapo, anadzozedwa unsembe mu 1909, kenako anabwera kudzatsegula mishoni ku Msoro, kumene anamwalira mu 1913. Sukulu yophunzitsa ansembe ku Zomba ili ndi dzina lake. Ana a sukulu amve kuti ntchito ya mishoni sinagwiridwe ndi azungu okha. Amene ankayenda m'midzi, kuphunzitsa a, e, i, o, u pansi pa mtengo, ambiri anali anthu akuda, ena mwa iwo akapolo omasulidwa.

Wa kwa Mwansambo:
Zimenezo nzofunika, a ku Chipata. Ndipo popeza tikukamba za mitengo, pali mtengo wina umene anthu amauiwala, wa pamene Kamuzu Banda anayankhulira anthu. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachititsa msonkhano wake waukulu ku Nkhotakota, Kamuzu atatuluka ku ndende ya Gweru mu Epulo chaka chomwecho. Pa msonkhano umenewo anthu anaona Masauko Chipembere ndi ana a Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta, atangomasulidwa kumene. Ndi pomweponso pamene Kamuzu anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Aphunzitsi, ana a Fomu 3 ndi akuluakulu, afunseni aganize: msonkhano umodzi womwewo unakondwerera ufulu wa omangidwa, nkupatsanso munthu mmodzi mphamvu zopanda malire. Patangotha zaka zinayi, mu 1964, Chipembere ndi Yatuta anali atasemphana naye kale.

Nachanza wa pa Chia:
Abale, mbiri mwaikamba mokwanira, koma ana adzamva njala. Mayi aphunzitsi, bwerani nawo pa Chia. Ndi kumwera kwa boma, pa msewu wa ku Salima, mtunda woposa pang'ono makilomita 20. Chia ndi thamanda lalikulu lolumikizana ndi nyanja kudzera pa kamtsinje kamene mlatho wa M5 umadutsa pamwamba pake. Ine ndimagulitsa nsomba pamenepo. Mukafika m'mawa mupeza mabwato akukocheza, chambo, makumba, mlamba, kampango, zonse zaziwisi. Usipa wofutsa ndi wouma umapezekanso wambiri ukakhala pa nyengo yake. Anyamata amawotcha pomwepo, ndipo ana angadye ndi kondowole, nsima ya chinangwa imene ana a ku Kasungu ambiri sanailawepo. Muwachenjeze kuti kondowole satafuna kwambiri, amangomeza.

Alipo a mabwato amene amatenga alendo kukaona mbalame m'bango, nkhwazi, akakowa, atsekwe ndi zina zambirimbiri. Koma ana asaviike miyendo m'madzi a thamandalo. Ng'ona zilimo, mvuu zilimo, ndipo m'madzi odekha a m'bango ndi mmene mumakhala nkhono za likodzo.

Ndinene ndi ichi, popeza ndi ana a sukulu: nsomba zachepa. Chambo chimene mayi anga ankagulitsa ndi chimene ndikugulitsa ine nzosiyana kukula. Anthu akukokera ndi maneti a udzudzu, amene amakokolola ndi tiana tomwe. Makomiti a m'midzi akuyesetsa kutseka malo oswanirana nsomba, ndipo ana akamva kwa asodzi eni ake adzamvetsa kuposa kuwerenga.

Dalaivala wa M5:
Achemwali a pa Chia anena zoona. Pobwerera ku boma mungakhotere ku Nkhotakota Pottery, cha ku Sani, ana akaone momwe amaumbira makapu ndi mbale nkuziwotcha mu uvuni. Gombe la kumeneko ndi la mchenga woyera. Komanso pafupi ndi boma pali akasupe a madzi otentha a Mawira, kumene anthu amasamba ndi kuchapa. Nzaulere, ndipo mphunzitsi wa Geography adzapeza pokambira za chigwa chimene nyanja yathu inakhalamo. Pa tauni penipeni muwaonetse Sitima Inn, nyumba yomangidwa mofanizira sitima ya pamadzi.

Mlongo wa ku Dwangwa:
Ine ndikudabwa kuti mpaka pano nkhalango mwangoitchula ngati njira yodutsamo. Nkhotakota Wildlife Reserve ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imodzi mwa nkhalango zotetezedwa zakale kwambiri m'Malawi muno. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozembera anazitha mpaka kutsala zosakwana 100. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015 mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, kuzigoneka ndi mankhwala, kuzikweza ndi makina, kuziyendetsa pa malole banja ndi banja kuti ana asasiyane ndi amayi awo. Anabweretsanso njati, mphalapala, ngoma, mbidzi ndi njiri.

Aphunzitsi, taonani mmene nkhanizi zikugwirizanirana. Minyanga imene akapolo ankasenza kupita ku Kilwa inali ya njovu za m'nkhalango ngati zimenezi. Ana akamva za Jumbe m'mawa nkuona njovu yamoyo madzulo, phunzirolo lidzawakhala.

Muli mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kukaikira mazira mvula ikamatha. Mitsinje yambiri imene mpasa zinkakwera inadzaza matope chifukwa chodula mitengo, koma Bua m'chigawo cha m'nkhalango akadali bwino. Kumadzulo kuli phiri la Chipata, lokhala ndi nkhalango yowirira pamwamba pake. Funsani ku ofesi ya nkhalango za maulendo a sukulu, mitengo ya Amalawi ndi yotsika poyerekeza ndi ya alendo akunja. Ana avale zotalika manja ndipo apewe zakuda ndi zabuluu, chifukwa a kashembe amakonda mitundu imeneyo.

Wa kwa Mwansambo:
Achemwali a ku Dwangwa, njovu nzokongola kwa wobwera kudzaziona. Kwa amene munda wake wagundana ndi nkhalango nkhani imakhala ina. Mpanda wa magetsi wathandiza kwambiri, sindikana, chifukwa kale anthu ankagona m'minda akuimba zitini usiku wonse. Komabe mpanda womwewo unatseka kumene amayi ankatola nkhuni, bowa ndi udzu wofolerera. Pali dongosolo lakuti anthu azilowa ndi chilolezo pa nyengo zina, palinso ulimi wa njuchi ndi ntchito zimene achinyamata apeza. Ana akafika akafunse mafunso onse awiri, za njovu ndi za anthu oyandikana nazo.

Mlongo wa ku Dwangwa:
Ndavomera, bambo. Nafenso kuno tili ndi zathu za minda ya nzimbe ndi malo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndingowachenjeza aphunzitsi za nyengo. Musabwere nthawi ya dzinja. Mu February 2024 madzi osefukira anasamutsa anthu masauzande kuno ku Dwangwa ndipo msewu wa M5 unaduka. Nyanjanso yakhala yodzaza zaka zapitazi, magombe ena anamira. Kuyambira May mpaka August kumawomba mwera, nyanja imakalipa, ndiye za mabwato muziiwale. September ndi October kumakhala bata koma kotentha, tengani madzi akumwa ambiri.

Nachanza wa pa Chia:
Mukabwera miyezi yotenthayo mwina mudzaona nkhungu. Zimatuluka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa, koma ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono. Mphepo ikazikankhira kumtunda amayi amazikola ndi malichero onyowa nkuumba zikondamoyo zake. Ndi ndiwo zabwino.

Nambewe wa ku Kasungu:
Nanga Ilala? Ana anga ambiri sanaonepo sitima ya pamadzi, ndipo akhala akundifunsa.

Dalaivala wa M5:
Ilala yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, kudzera ku Likoma ndi Nkhata Bay. Ku Nkhotakota siifika pa gombe chifukwa madzi ndi osaya, imaima patali ndipo anthu ndi katundu amapita pa mabwato ang'onoang'ono. Imbani foni ku ofesi yawo sabata imene mukunyamukayo kuti mumve ngati idzaime ndi nthawi yake. Musakonze ulendo wonse modalira sitimayo. Ikapezeka, ana aione ali pamtunda.

Mwana wa ku Linga:
Chimene chimandipweteka ndikabwera ku tchuthi ndi mmene malo akalewa akuonekera. Zikwangwani zina zinafufutika, manda amera tchire, ndipo mlendo wopanda womulondolera angadutse osadziwa kuti wadutsa pa chinthu. Malo amenewa ali pa mndandanda wa UNESCO, nthambi ya United Nations, wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati chuma cha dziko lonse, kuyambira 2011, pamodzi ndi a ku Karonga, Mangochi ndi Phalombe, pansi pa njira za akapolo ndi njira ya Livingstone. Koma mndandanda sulambula tchire. Ife a kunja kuno timasonkherana za maliro ndi za maukwati mwezi ndi mwezi. Tingalephere kusonkha za zikwangwani zolembedwa m'Chichewa, zofotokoza zonse, za Jumbe, za ogwidwa, za mafumu amene ankagulitsa?

Wa kwa Mwansambo:
Pa chimenecho ndili nanu, achimwene, ndipo ndidzasonkha nawo. Pempho langa ndi lakuti pa gombe pamene anthu ankakwezedwa m'zombo pakhale mwala wawo. Livingstone ali ndi mtengo, Maples ali ndi manda ndi sitima, ma Jumbe ali ndi manda. Amene anaoloka aja alibe kalikonse. Pakalembedwe madera amene ankachokera: Kasungu, Ntchisi, Dowa, Luangwa ndi midzi ya kumtunda kuno.

Gogo Chisale:
Mwala umenewo sungaikidwe ndi gulu la pa foni lokha. Malowo ali ndi eni ake, ndipo zinthu zakale zili ndi nthambi ya boma yoziyang'anira. Muyambe ndi kalata kwa a T/A Malengachanzi, ina kwa a DC, ina ku nthambi ya za zakale ku Lilongwe. Mawu olembedwa pa mwalawo akawerengedwe kaye pamaso pa a shehe, abusa ndi mafumu a kumtunda asanasemedwe. Lembani makalatawo inu achinyamata, ine ndili pafupi, ndidzakapereka pamanja.

Aphunzitsi, inu konzani masiku awiri. Loyamba mishoni m'mawa, Linga masana, Mawira dzuwa likapepa. Lachiwiri Chia m'mamawa, nkhalango pobwerera kwanu. Za pogona lemberani kwa ahedi a sekondale ina ya pa boma pano, nthawi ya tchuthi chapakati amalola ana a sukulu zina kugona m'makalasi. Ana abwere ndi mphasa, maneti a udzudzu ndi makope, ndipo muwagawe m'magulu kuti gulu lililonse lidzalembe zimene mkulu mmodzi wawauza.